Masamu a Avareji ndi Njira Yawo Yofikira ku Malowera

Pamene dziko la Mozambique linkagawa masikito kwa anthu onse m'zaka za 2016 ndi 2017, kuchuluka kwa maneti ofunika kunachokera pa masamu afupi kwambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti neti imodzi ikhale ya anthu awiri, ndipo pogula, chiwerengero cha anthu chigawidwe ndi 1.8 kuti mabanja a anthu atatu, asanu kapena asanu ndi awiri asaperewedwe. Masamu amenewa ndi amodzimodzi ku Maputo, ku Nampula ndi ku Malowera, dera la m'boma la Maravia, m'chigawo cha Tete, loyandikana ndi malire a Zambia. Safunsa ngati nyumba ili m'mphepete mwa dambo kapena pamtunda. Amatenga anthu onse ngati munthu mmodzi wapakatikati, wolumidwa ndi udzudzu mofanana ndi mnzake aliyense.

Kaganizidwe kameneka kali ndi mbiri ya zaka zoposa 150, ndipo sikanabadwire m'chipatala. Akatswiri a fizikisi amakatcha mean field. Vuto limene kanabwera kudzathetsa ndi ili: zinthu zikachuluka kwambiri, chilichonse n'kumakoka kapena kukankha chinzake, palibe masamu amene angalondole chimodzichimodzi. Njira yake ndi kusankha chinthu chimodzi, kuiwala zinzake zoyandikana nacho, n'kuika m'malo mwake mphamvu imodzi ya avareji yochokera ku khamu lonse. Munthu woima pakati pa msika wa ku Fingoé samva mawu a wogulitsa aliyense payekha. Chimene chimamufika ndi chimkokomo chimodzi, ndipo iyenso akakweza mawu kuti amveke, akuwonjezera pa chimkokomo chomwecho. Khamu limaumba mmodzi, mmodziyo n'kuthandiza kuumba khamu, ndipo wamasamu amafunafuna pamene ziwirizi zikugwirizana.

Mmodzi mwa oyamba kuyenda njira imeneyi anali mphunzitsi wa sukulu ku The Hague, Johannes Diderik van der Waals. Mu 1873 anapereka ku yunivesite ya Leiden kafukufuku wofotokoza chifukwa chake mpweya umasanduka madzi ukazizira kapena ukapanikizidwa. Sanawerengere mmene molekyu iliyonse imakokera inzake. Anangoti iliyonse imamva chikoka chimodzi chodalira kuthinana kwa zonse. Ndi ganizo lochepa chomwechi anafotokoza mpweya ndi madzi m'masamu amodzi, ndipo mu 1910 analandira mphoto ya Nobel.

Kenako nkhani inasamukira ku maginito. Pierre Curie anasonyeza ku Paris mu 1895 kuti chitsulo chikatenthedwa kupyola malire ena chimataya umaginito wake; lero tikudziwa kuti malirewo ali pa madigiri pafupifupi 770. Chodabwitsa chinali chakuti mphamvuyo sichepa mpaka kalekale, koma imafika pothera penipeni. Mu 1907 Pierre Weiss, akuphunzitsa ku Zürich, anapereka yankho. Atomu iliyonse ya chitsulo ndi kamaginito kakang'ono, ndipo Weiss anati kalikonse kamamvera mphamvu ya avareji ya tinzake tonse. Kukazizira, mphamvuyo imagonjetsa chipwirikiti cha kutentha ndipo tonse timaloza kumodzi. Kukatentha kupyola malire, chipwirikiti chimapambana. Apa panaoneka mphatso yaikulu ya njirayi: imaulula kuti pali malire amene khamu lonse limasinthirapo khalidwe.

Ena ambiri anaitola. Douglas Hartree ku Cambridge mu 1928 ndi Vladimir Fock ku Leningrad mu 1930 anaigwiritsa ntchito pa maelekitironi a m'kati mwa atomu, ndipo akatswiri a kemisitiri akuyambirabe pomwepo mpaka lero. Hartree ankachita masamu ake pamanja mothandizidwa ndi bambo ake, William, amene anali atapuma pantchito ya uinjiniya. Hugh Wilson ndi Jack Cowan anaitengera ku maselo a ubongo mu 1972. Mu 2006 Jean-Michel Lasry ndi Pierre-Louis Lions ku France anaiika pa zachuma ndi pa makamu a anthu amene aliyense akufuna zomukomera yekha.

Koma nthambi imene inafika m'midzi ya m'chigwa cha Zambezi inamera payokha, kwa dokotala wa asilikali. Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku Secunderabad, m'dziko la India, pa 20 Ogasiti 1897, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1902. Atayamba kulalikira kuti malungo angagonjetsedwe pochepetsa udzudzu, anthu ambiri anamutsutsa ndi funso lomveka: ndani angaphe udzudzu wonse? Ngakhale utatsala wochepa, ukadzaluma wodwala n'kuluma wina, matenda adzapitirira. Ross anayankha ndi masamu, poyamba m'lipoti lake la ku Mauritius la 1908, kenako m'buku lake la kapewedwe ka malungo lomwe linatulukanso mu 1911. Anayerekeza mudzi umene udzudzu uliwonse ungalume munthu aliyense mwa mwayi wofanana. Atatero anapeza chimene Weiss anapeza pa chitsulo zaka zochepa m'mbuyomo, ngakhale awiriwa ankagwira ntchito zotalikirana: pali malire. Udzudzu ukachepa kufika pansi pa chiwerengero china pa munthu aliyense, odwala amachira msanga kuposa mmene atsopano akudwalira, ndipo malungo amazima okha. Sikofunika kupha udzudzu wonse.

Ganizo limeneli ndi limodzi mwa amtengo wapatali kwambiri m'mbiri ya zaumoyo, ndipo aliyense wodzudzula masamu a avareji ayenera kuyamba walivomereza. Popanda ilo, kukwirira zithaphwi, kupopera nyumba ndi kugawa masikito zikanaoneka ngati ntchito yopanda mapeto.

Anderson McKendrick, amene anatsagana ndi Ross ku Sierra Leone mu 1901, anapitiriza ntchitoyi ku Edinburgh pamodzi ndi William Kermack, katswiri wa kemisitiri amene anachita khungu pa ngozi ya m'labotale mu 1924 ndipo ankasunga masamu m'mutu. Mu 1927 awiriwa anagawa anthu m'magulu atatu: amene angadwale, amene akudwala, ndi amene achira kapena amwalira. Anayesa masamu awo pa mliri wa makoswe wa ku Bombay wa 1905 ndi 1906. Magulu atatu omwewa ndiwo anali pansi pa zolosera zambiri za Covid-19 mu 2020.

George Macdonald, mkulu wa Ross Institute ku London, ndiye anasandutsa masamu a Ross kukhala ndondomeko ya maboma. M'zolemba zake za 1952 ndi m'buku lake la 1957 anaonetsa kuti chofunika kwambiri ndi kutalika kwa moyo wa udzudzu waukazi. Tizilombo ta malungo timafuna masiku 10 kapena kuposerapo m'thupi mwa udzudzu tisanafike m'malovu ake, ndipo udzudzu wambiri umafa masikuwo asanakwane. Choncho kufupikitsa moyo wake pang'ono chabe kumadula kufala kwa matenda mowirikiza, kuposa kupha mphutsi zake m'madzi. Mankhwala a DDT opopera pamakoma ankachita zomwezo. Mu 1955 WHO inakhazikitsa ntchito yothetseratu malungo padziko lonse, ndipo inapambana kumwera kwa Ulaya, ku Taiwan ndi kuzilumba zina. Mbali yaikulu ya Africa inasiyidwa pambali. Ku Mozambique, Apwitikizi anapopera makamaka kumwera, kufupi ndi Lourenço Marques, Maputo wa lero. Mu 1969 WHO inavomereza kuti cholingacho sichitheka posachedwa.

M'nkhalango za miombo za kumpoto kwa Zambezi munali mdani wachiwiri, kashembe. Mliri wa rinderpest umene unawoloka Zambezi mu 1896 unapha ng'ombe, njati ndi nyama zina zambiri, ndipo kashembe, atasowa magazi, anatha m'madera ambiri. Nyama zitayambanso kuchuluka, nayenso anabwerera. Mu 1910 John Stephens ndi Harold Fantham ku Liverpool anafotokoza mtundu watsopano wa tizilombo ta kaodzera, Trypanosoma rhodesiense, kuchokera m'magazi a munthu amene anatenga matendawo m'chigwa cha Luangwa, mtsinje womwe umathira mu Zambezi pa Zumbo, boma loyandikana ndi Maravia chakumadzulo. Mu 1912 Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke anatsimikizira m'chigwa chomwecho kuti wofalitsa ndi kashembe wa mtundu wa Glossina morsitans. Kwa alimi, nkhani yaikulu inali ng'ombe: kumene kuli kashembe zimaonda, zimapoloza, zimafa, ndipo munda umalimidwa ndi khasu lokha. Ku Southern Rhodesia boma linayankha ndi mfuti, n'kuombera nyama zakutchire zikwi mazanamazana kuyambira mu 1919. Apwitikizi anakhazikitsa Missão de Combate às Tripanossomíases mu 1945.

Kusintha kwenikweni kunachokera pa siteshoni ya kafukufuku ya Rekomitjie, kutsidya la Zimbabwe la chigwa cha Zambezi. M'zaka za m'ma 1970 Glyn Vale anasonyeza kuti kashembe amalondola ng'ombe ndi fungo, ndiponso kuti fungo la munthu limathamangitsa ambiri a iwo, zomwe zinkasokoneza mawerengedwe akale ochitidwa ndi anthu ogwira ntchentchezi pamanja. Iye ndi anzake anapeza kuti acetone ndi octenol zimakopa kashembe, ndipo anapanga nsalu zonyikidwa m'mankhwala a deltamethrin zoimikidwa m'tchire. Mnzake John Hargrove anachita masamu ake. Kashembe saikira mazira ambirimbiri ngati udzudzu. Wamkazi amabereka mphutsi imodzi yokha pa masiku 9 kapena 10 aliwonse. Mtundu woswana pang'onopang'ono chotere uli pafupi ndi malire ake nthawi zonse: kupha akazi atatu kapena anayi owonjezera pa 100 aliwonse tsiku lililonse n'kokwanira kuti chiwerengero chitsike mpaka kutha. Kuyambira mu 1984, m'dera la Rifa Triangle kufupi ndi Chirundu, lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 600, anaimika nsalu pafupifupi zinayi pa sikweya kilomita iliyonse. Pakati pa deralo kashembe anatsala pang'ono kutheratu.

Nsalu zinayi zokha pa malo aakulu chotero! Zinatheka bwanji? Yankho lake ndilo mtima wa nkhani yonse ya mean field. Kashembe ndi woyendayenda. Pa tsiku limodzi angasunthe mamita mazana angapo, mitundu ina mpaka kilomita, ndipo amakhala moyo milungu yambiri. Ntchentche iliyonse imadutsa malo ambiri moti mwayi wake wokumana ndi nsalu umayandikiradi avareji ya gulu lonse. Pamene chimodzi chikukumana ndi zambiri, avareji imanena zoona.

A fizikisi anali ataphunzira kale mbali inayo, yowawa. Mu 1925 Ernst Ising, wophunzira wa Wilhelm Lenz ku Hamburg, anawerengera ndendende za timaginito tondandalikidwa pa mzera umodzi, kalikonse kali ndi anansi awiri okha, ndipo anapeza kuti malire amene njira ya Weiss imalonjeza kulibe. Mu 1944 Lars Onsager ku Yale anathetsa masamu a timaginito toyalidwa pa bwalo lathyathyathya, kalikonse kali ndi anansi anayi. Malire analipo, koma njira ya avareji inkawaika pa 4 pamene enieni ali pa 2.27. Anansi akachepa, zimene akuchita anansiwo zimaposa zimene likuchita khamu. Zinatengera Kenneth Wilson, ndi ntchito yake ya 1971 yomwe inampatsa mphoto ya Nobel mu 1982, kuti afotokoze bwino pamene avareji imagwira ndi pamene imalephera.

Udzudzu uli mbali yolepherayo. WHO ndi boma la Nigeria anayesa masamu a malungo mozama ku Garki, kumpoto kwa dzikolo, pakati pa 1969 ndi 1976. Anapopera nyumba ndi propoxur, m'midzi ina anamwetsa aliyense mankhwala, ndipo anawerenga udzudzu ndi kuyeza magazi mosamala koposa. Malungo anatsika, koma sanathe, ndipo ntchito itaima anabwerera. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti udzudzu si wofanana: wina umaluma n'kutera pakhoma lopopera, wina umaluma n'kutuluka kukapuma kunja. Kuphatikiza magulu awiriwa mu avareji imodzi kunapereka chiyembekezo chopitirira muyeso, chifukwa gulu lopulumukalo ndilo limasunga matenda.

Anthu nawonso si ofanana pamaso pa udzudzu, ndipo umboni wina womveka bwino unachokera ku Mozambique komweko. Kafukufuku wa ku Matola, kufupi ndi Maputo, wofalitsidwa mu 1997 ndi Ricardo Thompson ndi anzake, anapeza kuti okhala pa mtunda wosakwana mamita 200 kuchokera pa malo oswanirana udzudzu ankadwala malungo kuwirikiza kasanu ndi kamodzi kuposa okhala mamita 500 kapena kupitirira. Mamita 300 okha, mtunda umene mwana amathamanga popita kukatunga madzi. Chaka chomwecho Mark Woolhouse ndi anzake, atasonkhanitsa ziwerengero za malungo, likodzo ndi matenda ena, anaonetsa kuti kawirikawiri anthu 20 pa 100 aliwonse ndiwo amanyamula pafupifupi 80 pa 100 ya kufala kwa matenda. Ku Gambia, Steve Lindsay ndi anzake anapeza mu 2000 kuti amayi oyembekezera amakopa udzudzu kuwirikiza kawiri kuposa amayi anzawo. Tanthauzo lake ndi lolemera. Ntchito yofikira anthu ambiri koma n'kuphonya ochepa olumidwa kwambiriwo ingalephere, ngakhale malipoti ake ataoneka bwino.

Palinso chinthu china chimene masamu a Ross amachiyesa chokhazikika: mudzi weniweniwo. Amafuna anthu okhala malo amodzi, udzudzu wawo uli pomwepo. Mbiri ya Maravia sinapereke mtendere wotero. FRELIMO inatsegulanso nkhondo m'chigawo cha Tete mu Malichi 1968, ankhondo ake akulowera ku Zambia, ndipo Apwitikizi anasonkhanitsa anthu mokakamiza m'midzi ya mpanda yotchedwa aldeamentos. Kumapeto kwa 1974 damu la Cahora Bassa linatsekedwa, madzi n'kumiza minda ya m'mphepete mwa Zambezi kumwera kwa bomali. Nkhondo yapachiweniweni itakula, mabanja ambiri a ku Tete anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, kumene malo a othawa kwawo a Ukwimi anatsegulidwa m'boma la Petauke mu 1987. Anayamba kubwerera pambuyo pa pangano la mtendere losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Minda yosiyidwa inasanduka tchire, ndipo tchire ndi kwawo kwa kashembe.

Mu 1986 mayiko a Malawi, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe anayamba ntchito yolimbana ndi kashembe limodzi, RTTCP, mothandizidwa ndi ndalama za ku Ulaya, pozindikira kuti dera la ntchentcheyi ndi limodzi ngakhale mayiko ndi anayi. Kutsidya la Zambia, m'boma la Petauke, nsalu zamankhwala zinaimikidwa pakati pa midzi ndi minda, ndipo Peter Van den Bossche analemba zotsatira zake mu 1997. Kutsidya la Mozambique, zaka zoyambirira za ntchitoyi zinali za nkhondo. Kuyendayenda komwe kumachititsa kuti nsalu zochepa zigwire ntchito ndi komwenso kumabweretsa kashembe watsopano kuchokera kudera loyandikana limene silinatetezedwe. Ngakhale ku Rifa, m'mphepete mwa deralo ntchentche zinkalowabe. Avareji imafotokoza bwino za pakati, koma Malowera ali pamalire, kumene anthu amawoloka kukagula, kukagulitsa, kukaona abale ndi kukalira maliro, atanyamula m'magazi mwawo tizilombo timene sitiwerengedwa m'kaundula wa dziko limodzi lokha.

Kodi asayansi anachedwa kuona zimenezi? Ross mwini ankadziwa kuti udzudzu umachuluka kufupi ndi madzi, ndipo analembapo za mtunda umene umauluka. Chimene iye, Macdonald ndi Hartree analibe ndi makompyuta amphamvu ngati a lero. Wokhala ndi pensulo ndi pepala lokha sangalondole anthu 10,000 aliyense payekha. Cholakwa chenicheni chimabwera pambuyo pake, pamene nambala yopangidwa kuti ithandize kuganiza ifika mu ofesi n'kuyamba kutengedwa ngati chithunzi chenicheni cha mudzi.

Kafukufuku wa malungo wa dziko lonse la Mozambique wa 2018 anapeza tizilombo mwa ana 39 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu. Nambala imodziyi inaphimba Cabo Delgado, kumene anali 57 pa 100, ndi mzinda wa Maputo, kumene anali mmodzi yekha pa 100. Mu Novembala chaka chomwecho, ku Maputo komweko, WHO ndi mabungwe anzake anakhazikitsa ndondomeko ya High Burden to High Impact ya mayiko 11 ovutika kwambiri ndi malungo, Mozambique ali m'gululo. Imodzi mwa mfundo zake zikuluzikulu ndi kusiya kupereka chithandizo chofanana paliponse, n'kuyamba kugawa dziko m'madera molingana ndi ziwerengero zake. Makompyuta a lero akutha kuchita zimene pensulo inalephera. Mapulogalamu monga OpenMalaria, opangidwa ku Basel, amayerekeza munthu aliyense payekha, msinkhu wake, chitetezo cha m'thupi mwake ndi kalumidwe kake.

Mapulogalamu otere amadya ziwerengero zambiri, ndipo ziwerengerozo sizichokera ku Basel. Zimachokera m'makaundula a zipatala zing'onozing'ono ndi kwa azaumoyo a m'midzi amene ku Mozambique ankatchedwa ma APE, oyeza magazi pa chala ndi kupereka mankhwala a malungo kumene chipatala chili kutali. Maravia ndi boma lalikulu la midzi yotalikirana, ndipo misewu yake imavuta nthawi ya dzinja, yomwenso ndi nthawi imene malungo amachuluka. Wodwala amene sanafike kwa woyeza salowa m'kaundula, ndipo dera limene odwala ake salembedwa limaoneka pa mapu ngati lopanda vuto. Kuti masamu atsopanowa asiyanitse nyumba ya kudambo ndi ya kumtunda ku Malowera, pafunika zipangizo zoyezera zosatha pakati pa dzinja, njinga yoti wazaumoyo wa m'mudzi ayendere, ndi malo m'kaundula olembapo mudzi umene wodwala aliyense wagona milungu iwiri yapitayo, kaya ndi tsidya lino kapena la Zambia.